Wolowa Mmodzi, Wotuluka Mmodzi

Rosebell anali akupukutabe matope a ku Chinamwali pa siketi yake pamene a Stafford, bwana wake mu ofesi ya makompyuta pa kolejipo, anasuzumira pakhomo. Anati kwabwera munthu watsopano, a Prosper, ndipo akufunika imelo tsiku lomwelo asanaweruke.

Mayina a ogwira ntchito ankasungidwa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo seva, kompyuta yaikulu yosunga maimelo, inkakatenga mndandandawo yokha Lachisanu lililonse. Zikakhala zachangu, Rosebell ankailamula pamanja kuti itenge pompopompo. Anali atagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi chimodzi, pa kontilakiti yomwe inkatha mwezi womwewo. A Stafford anali atamutsimikizira kawiri konse kuti asade nkhawa, yatsopano yangotsala kusainidwa. Kachiwiriko, sabata yathayo, ankanena ali kunyumba kwa Rosebell, akudya nkhuku yake. Iye anakhulupirira ndi mtima wonse mpaka anakana ntchito ina ku Blantyre. Nanga munthu amene umaimba naye kwaya imodzi n'kumukayikira?

Analowa mu seva n'kuilamula kuti ifananitse mayina. Makinawo ali ndi kaulemu kake: asanasinthe kanthu amayamba aonetsa zimene akufuna kuchita, n'kudikira kuti munthu adine batani lovomereza. Anaonetsa mizere iwiri. Wolowa: Prosper, woyang'anira seva. Wotuluka: Rosebell, woyang'anira seva.

Anawerenga katatu. Zinali zitangolowa mu mndandanda sabata yomweyo, koma pambali panali tsiku limene zinasainidwa, masabata atatu apitawo, ndi dzina la wovomereza, Stafford. Ndiye kuti nkhuku ija ankaidya atasaina kale! Mkuluyo za seva ankangozimvera kwa Rosebell, ndipo sankadziwa kuti ikamatenga mayina atsopano imachotsanso ochotsedwa.

"Bwana, tabwerani muone," anatero. "Makina anuwa sadziwa kusunga chinsinsi."

A Stafford anawerama, nawerenga. Kenako anayamba kuzungulira: zachokera kwa akuluakulu, iwo anayesetsa ndithu, ankafuna amuuze bwinobwino atakhala pansi, mwina Lachisanu.

"Lachisanu makina akanandiuza m'malo mwanu," anayankha Rosebell. Sanakweze mawu, koma zinamupweteka koopsa, osati ntchito yokhayo ayi, komanso kupusitsidwa ngati mwana. Anaimirira n'kuwakankhira mpando. "Chala changa sichingandichotse ntchito. Ngati n'zoona, dinani nokha."

Pansi pa mtima ankayembekezerabe. Ankati munthuyu achita manyazi, anena kuti tadikirani kaye, ndikalankhulenso nawo. Ngakhale bodza lina lomwe akanalilandira.

A Stafford anayang'ana kukhonde, kumene a Prosper anakhala pa benchi atafungatira envelopu ya khaki. Anayang'ana wotchi. Kenako anakhala pampando paja, nagwira mausi mosazolowera.

"Ndi batani lobiriwirali?" anafunsa.

Rosebell anayang'ana kumbali. Iwo anadina.

Sizinatenge ndi mphindi yomwe. A Stafford anatuluka osamuyang'ana kumaso, ndipo anawamva kukhondeko akuuza a Prosper mwansangala kuti zatheka. Rosebell anakumbukira makalata ake onse a zaka zija, ndi adiresi ya anthu a ku Blantyre aja, zonse zili mu imelo. Analemba dzina lake mwachangu kuti alowe. Seva inamuyankha kuti dzina limenelo sikulidziwa.