Nkhope ya Lenia pa Siketi

Kampani ya chiponde ya a Boaz Sakala ku Chipata inkakwanitsa zaka makumi awiri, ndipo ntchito yolengeza za chikondwererocho inagwera Nomsa. Iye ndiye analemba uthenga wa pawailesi, makadi oitanira alendo, ngakhale mawu a pachitenje cha mwambowo: Takula Nanu. Koma zitenje zitafika kuchokera ku Lusaka, pamwamba pa mawu akewo panali nkhope ya Lenia, wolandira alendo amene analowa ntchito chaka chatha, akumwetulira atanyamula botolo la chiponde.

"Mano ake amagulitsa malonda," anatero a Sakala. Anawonjezera kuti paphwandopo adzatchula munthu wokaimira kampani kuchionetsero cha zamalonda ku Lusaka. Ulendo umenewo Nomsa anaudikira kwa zaka, ndipo tsopano anaona komwe mphepo inkalowera.

Wogwira ntchito aliyense analandira nsalu yoti akasoketse. Nomsa anapita nayo kwa a Buruhani, atelala a kumsika wa Kapata.

"Anzanu onse akuti nkhopeyi ikhale pachifuwa," iwo anatero, akuyala nsaluyo.

"Ine ikhale kumbuyo kwa siketi. Pakati penipeni."

A Buruhani anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, mudzamukhalira mnzanu tsiku lonse."

"Mipando ya kumeneko ndi youma, amalume."

Tsiku la phwando, mutenti yomwe anaimika panjira ya ku Madzimoyo, Nomsa analawirira n'kukhala patebulo lakumbuyo. Anamukhalira Lenia nthawi ya pemphero, nthawi ya gule, mpaka podula keke. Zinamukomera pang'ono chabe, chifukwa Lenia weniweniyo ankazungulira m'matebulo, alimi a mtedza akumuyerekeza ndi wa pachitenje n'kumajambulitsa naye. Kamodzi kokha Nomsa anaimirira kukatenga madzi, akuyenda chammbali ngati nkhanu.

Kenako a Sakala anagwira maikolofoni. Anayamba ndi mtondo umodzi wa amayi awo, nadutsa m'zaka zonse osadumpha n'chimodzi chomwe. Mawu onsewo anali a Nomsa.

"Tsono za ku Lusaka," anatero. "Kumeneko kukufunika wodziwa kuyankhula. Mayi Nomsa Jere, bwerani kuno."

Anthu anaomba m'manja. Nomsa sanasunthe. Kuti akafike kutsogolo anayenera kudutsa pakati pa matebulo onse, msana uli kwa alendo, kenako kukwera masitepe pamaso pa akazi a abwana, omwe anali atanena kale kuti wonyoza chitenjecho wanyoza kampani.

"Mayi Jere, mwagona?" anafunsa a Sakala.

Wina anamugwira paphewa. Anali Lenia, atamasula chitenje chotsala chomwe anadzikulunga pamwamba pa diresi.

"Imirira pang'onopang'ono, ndikuphimbe," anamunong'oneza. "Ndinakuona potenga madzi paja. A Buruhani anandipatsa masaya aakulu."

Nomsa anaimirira. Lenia anamumanga chitenjecho m'chiuno mwamsanga, ngati mlongo wokonza mkwatibwi, ndipo amayi a patebulo loyandikana analuluta poona chikondi chotere pakati pa ogwira ntchito.

"Bwanji sunandisiye?" anafunsa Nomsa, mano atalumana.

"Ndikusiye uyende nane chotero? Nkhope ndi yanga, mwali."

Nomsa anakwera masitepe aja, nalandira dzanja la a Sakala. Wojambula anamuuza kuti atembenuke pang'ono kuti chitenje chioneke bwino.

Lolemba m'mawa Nomsa anaika chithunzicho patsamba la kampani la pa Fesibuku, n'kulemba pansi pake kuti Nomsa Jere ndiye akupita ku Lusaka. Ndemanga zinabwera zambiri. Woyamba anafunsa dzina la mtsikana wa pachitenjeyo. Wachiwiri anafunsa ngati ali pabanja.

Kuyankha ndemanga inalinso ntchito ya Nomsa. Analemba kuti dzina lake ndi Lenia, kenako anakhala kanthawi chala chili pabatani lotumizira.