Nguluwe ya m'mavwende a mayi

Bambo anga a Wendell anakalamba akudzitama kuti m'chigawo chathu chino cha Texas chonse mulibe wowombera ngati iwo. Koma nyumba zitayandikira munda wathu, anthu anayamba kudandaula phokoso, ndiye bambo anagula mfuti yaikulu ya mpweya, yosachita phokoso. Mphamvu inali nayo yogwetsa nguluwe, koma chokhethemulira chake chinali chouma gwa.

Bambo anazolowera mfuti yongokhudza ndi nsonga ya chala. Iyi ankati akakoka, mfuti yonse inkapendekera kumanja. Nguluwe yaimuna imene inkafukula mavwende a mayi anaiphonya katatu. Kachinayi anaboola thanki yathu yamadzi.

Mayi, a Loretta, anaima chogwira m'chiuno, madzi akuwathovokera m'mapazi.

"Mwapha thanki, bambo mwana. Tiiwotche kapena tiiphike?"

"Ndi mfutiyi, Loretta! Chitsulo ngati chitseko cha ndende!"

"Likafika Loweruka nguluwe ikadali moyo, ndiitana Dwayne ndi agalu ake."

Apa bambo nkhope inagwa. Dwayneyo ndi amene ankafunsira mayi bambo asanawakwatire, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo pathu. Ine ndinawamvera chisoni, ngakhale kuseka ndinaseka ndithu.

Masana anatenga kachida kofinyira phula lomatira kukatseka bowo lija, akung'ung'udza. Kachidako nakonso kanali kolimba. Ndinawaona atasiya kumata, akungoyang'ana dzanja lawo. Iko sankakafinya ndi nsonga ayi: chala chinkalowa mpaka pamfundo, dzanja lonse litagwira zolimba, n'kumakoka pang'onopang'ono molunjika kumbuyo.

"Charlene!" anandiitana. "Tandiikira zitini pampandapo, mwana wanga!"

Mpaka Lachisanu anali pa zitini, akuziwombera ndi kakokedwe katsopanoko. Kusiya chizolowezi cha moyo wonse si masewera. Chala chinkabwerera chokha kunsonga, iwo n'kumachikalipira ngati mwana wosamva. Chinatupa, koma zitini zinayamba kugwa.

Loweruka m'mawa nguluwe ija inatulukira, ikununkhiza vwende lalikulu kuposa onse. Bambo anatsamiritsa mfuti pampanda, n'kulowetsa chala mpaka pamfundo. Anakoka, nakokabe. Phu! Nguluwe inagwa pomwepo.

Madzulo nyama ili pamoto, bambo ankayenda chifuwa chili patsogolo.

"Kamuuzeni Dwayne wanuyo agalu ake apume," anatero.

Mayi anapitiriza kudula vwende osatembenuka.

"Dwayne uti? Anagulitsa agalu n'kusamukira ku Oklahoma kalekale. Mlongo wake ndiye anandiuza kutchalitchi."

Bambo anangoti kukamwa yasa.

"Ndiye munkandizunziranji, mayi inu?"

"Ndinkafuna mavwende anga," anatero mayi, akuwapatsa chidutswa chofiira chapakati penipeni. "Dwayne ndikanamufuna, bwenzi nditamutenga nthawi imene ija. Idyani, chala chipole."