Msomali Wachitatu

Sudeshna analota ali m'chipinda chochezera cha banja la Thalwade kumene anakwatiwa, banja lomwe lakhala likulamulira dziko lawo chichokereni atsamunda. Pakhoma panali zithunzi ziwiri: cha malemu apongozi ake aamuna, omwe anali nduna yaikulu, ndi cha mwamuna wake, yemwe anawomberedwa pamsonkhano wa chipani. Kumeneko wamoyo amamuveka nkhata ya maluwa m'khosi, wakufa amamuveka pachithunzi. Zithunzi zonse ziwiri zinkapuma, magalasi ake n'kumachita nthunzi.

Pambali pake panali msomali wachitatu. Unalibe chithunzi, koma nkhata inali ikulendewera kale.

Apongoziwo anatsokomola m'galasimo. Anamuuza mwaulemu kuti mpando ukuzizira, aitane mwana.

Mwanayo anali Ishani, mmodzi yekhayo amene Sudeshna anabereka, dokotala wa ziweto yemwe sanalankhulepo pagulu. Chitseko chitatseguka, kuseri kwake kunalibe khonde. Kunali bwalo la msonkhano, namtindi wa anthu mpaka kumene thambo limathera, onse atavala nkhope ya malemu mwamuna wake. Pakati pawo Ishani anaima chilili, azakhali ake akumuyeza khosi ndi ulusi wa maluwa.

"Bambo," anatero Sudeshna, "ndinakupatsani mwamuna wamoyo, munandibwezera phulusa m'kamtsuko. Simunakhute?"

Iwo anayankha kuti lanjala ndi dziko, osati iwo. Sudeshna anatembenukira kwa mwamuna wake kuti anenepo kanthu, koma iye anangopitiriza kumwetulira monga momwe anamujambulira.

Mtima unamuwira. Anathothola nkhata ija, maluwa n'kumeranso pomwepo. Anathotholanso, anameranso. Ndiye anasolola khosi lake nati ngati akufuna khosi, amuveke iyeyo.

"Inu ndinu wobwera, mayi. Magazi anu savoteredwa," anatero apongoziwo.

Apo analuma msomali uja nayamba kuuzula ndi mano. Unkangotuluka, unkangotuluka, wautali ngati njanji, khoma lonse likubuula.

Anadzidzimuka nsagwada zikumuwawa, dzuwa litakwera. Panja galimoto za chipani zinkaliza mahutala. Ishani anali pakhomo atafunda nsalu yoyera ya agogo ake, nafunsa ngati ikumukhala.

Sudeshna anangomudutsa, ulendo wa kuchipinda chochezera. Anapeza wantchito atakwera pampando, hamala m'manja, msomali pakamwa, chithunzi cha Ishani chitatsamira khoma pansi pake.

"Tsika," anatero. "Ndipatse hamalayo."