Chikwangwani cha Manda Atsopano

Amuna anga amagwira ntchito ku khonsolo, mu ofesi ya mapulani. Ntchito yawo ndi kuganizira mmene boma lathu lino lidzakhalire zaka makumi atatu zikubwerazi: misewu idzadutsa pati, madzi adzachokera kuti, zinyalala tidzataya kuti, mitengo idzatsala ingati. Ndinakwatiwa ndi munthu wodziwa pamene padzadutse ngalande adzukulu athu akadzakula, koma wosadziwa pamene waika makiyi m'mawa uno. Anzawo anawapatsa dzina loti a Mtsogolo, ndipo iwo amavomera.

Ofesi yawo ndinaionapo. Ndi kachipinda ka kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi chimbudzi cha makhansala. Pakhoma pali mapu aakulu opakidwa mitundu: wobiriwira ndi nkhalango, wofiira ndi zipatala, wachikasu ndi masukulu. Pa mapupo boma lathu ndi lokongola moti munthu ungafune kusamukirako. Ukasuzumira pawindo umangoona malata okhaokha mpaka kuphiri.

Anthu akukhamukira kuno ngati kukugawidwa kanthu. Ukachokapo mwezi umodzi, pobwera umafunsa njira ya kunyumba kwako komwe. Ine ndimaphunzitsa sitandade 4, ndipo ana ena amakhala pakhomo, mutu m'kalasi miyendo panja. A kumbuyo ndimawadziwa ndi mawu okha.

Kachitidwe ka ku ofesi kwawo ndi aka. Malo akasungidwira chitukuko, amakazikapo zikhomo za simenti n'kuimika chikwangwani. Wapampando wa khonsolo amabwera, kudzala kamtengo, kujambulitsa, n'kumapita. Chikwangwanicho chimalembedwa mwaluso: MALO A CHIPATALA CHA M'TSOGOLO. Tsono anthu athu ndi odziwa kuwerenga. Akaona amati, "Eya, apa pabwera chipatala, ndiye kuti pabweranso msewu ndi magetsi," ndipo mwezi usanathe njerwa zaunjikidwa. Woyamba amamanga m'mphepete, mwaulemu. Wachiwiri amamanga m'mphepete mwa woyambayo. Chaka chikamatha chikwangwani chija chasanduka chitseko cha khola la nkhuku, ndipo pa malo a chipatala pali bala, chigayo ndi matchalitchi awiri olimbana zokuzira mawu. Nkhalango inapita choncho, malo a msika anapita choncho. Amuna anga ankangopaka mtundu wa phulusa pa mapu aja, n'kubwera kunyumba kudzadya osayankhula.

Panatsala malo amodzi, thengo lalikulu lathyathyathya kuseri kwa siteji ya mabasi, losungidwira sukulu ya pulayimale ndi ya sekondale.

"Awa akapita, mayi a ana, ndiye kuti kuno sikudzamangidwanso sukulu," anandiuza. "Palibenso pena."

Tsiku lina tili mu minibasi tinadutsa pa manda akale. Nyumba zinawazinga mbali zonse, ena mpaka amayanika zovala pa mpanda wake, koma m'kati mwake palibe anaikamo ngakhale njerwa imodzi. Amuna anga anapotoza khosi kuyang'ana mpaka mandawo anabisika. Ndinadziwa kuti mutu uwo wayamba kuphika kanthu.

Mawa lake anakalowa kwa bwana wawo wamkulu n'kufotokoza maganizo awo. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ine sindinamve chilichonse. Penti ali m'sitolo."

Chikwangwani chinaimikidwa pa thengo lija popanda wapampando, popanda kamtengo: MANDA ATSOPANO A KHONSOLO. Pansi pake panali tizilembo ting'onoting'ono: Sanatsegulidwe. Pa mapu a mu ofesi malowo anakhalabe achikasu.

Ndisaname, nzeruyo inagwira ntchito. Munthu wina amene anali atathirapo kale mchenga anabwera ndi wilibala kudzautenga, n'kusesapo. Odula njira anayamba kuzungulira. Udzu unamera, mbalame zinabwerera, amuna anga ananenepa. Wina akabwera ku ofesi kudzafunsa kuti manda atsopano atsegulidwa liti, ankamuyankha kuti akuyeza kaye dothi. Dothi limenelo analiyeza zaka zitatu. Kenako a ku likulu ananena kuti chaka chamawa ayamba kumanga sukulu ija, ndipo tsiku limenelo amuna anga anandigulira nsapato osawapempha.

Apongozi anga aamuna anali kalipentala. Ntchito ya mwana wawoyu sankaimvetsa. Tikapita kukawaona ankafunsa funso lomwelomwelo: "Ine ndikakhoma mpando, munthu amakhalapo. Iwe umakhoma chiyani?" Amuna anga ankayamba kufotokoza za zaka makumi atatu, apongozi n'kumagwedeza mutu mwachifundo, ngati akumvera wodwala malungo. Koma chakumapeto kuno anali atasiya kufunsa, ndipo ife tinkati ndi ukalamba.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atakhala pa mpando wokhoma okha. Mwezi umodzi zisanachitike izi, a zaumoyo anali atatseka manda akale kuti adzaza. Anachita zimenezo potsatira pulani ya khonsolo, ndipo wolemba pulaniyo mukumudziwa.

Titafika pamaliro, alamu anga aakulu anaitanira amuna anga kuseri kwa nyumba, pamene apongozi ankasunga matabwa. Ine ndinali pafupi, ndikutsuka makapu.

"Achimwene," anatero alamu, "mwayi wake manda ndi anuanu. Auzeni okumba akayambe."

"Sanatsegulidwe."

"Amatsegula ndani?"

Amuna anga anayang'ana pansi. "Ofesi yathu."

"Mu ofesi yanuyo mulimo angati?"

"Ndilimo ndekha."

"Ndiye tsegulani."

Amuna anga anayesa kunena zoti titengere thupi kumene makolo anachokera. Alamu anaseka kuseka kosakondwa. Bambo anachokako ali mnyamata, anatero, ndipo kumeneko kulibe ngakhale wotipatsa mpando. Amuna anga anayesanso za manda a boma loyandikana nalo. Alamu anafunsa ngati anthu onse ali pabwalowa akwere pamsana pa a Mtsogolo.

Ndiye amuna anga anapempha kuti aonane ndi amayi awo paokha. Amayi ena amene anali m'chipindamo anatuluka, ine ndinatsala pakhomo. Apongozi aakaziwo anali atakhala pa matiresi, pansi, atanyamula chipewa cha malemuwo. Amuna anga anagwada.

"Amayi, malo aja si manda. Ndi a sukulu. Chikwangwani chija ndinangoika kuti anthu asamangepo."



"Bambo ako amadziwa zimenezi?"

"Ayi."

"N'chifukwa chake." Anapukuta fumbi pa chipewa chija. "Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi amadzera kumeneko. Amatenga anzawo, kukawaonetsa. Amati, 'Awa ndi malo a mwana wanga, taonani kuwongoka kwa zikhomozi.' Amati zaka zonsezi umangowauza zam'mutu, koma tsopano aona ndi maso chinthu chimene wapanga. Anasankha kale ndi pogona pawo, pangodya, pansi pa mtengo uja."

Apongozi anaika chipewa chija pamwendo.

"Ine sindikukakamiza, mwana wanga. Anthu ali panjawo. Tuluka ukawauze wekha. Ine nditsala muno ndi bambo ako."

Tinatuluka n'kuima m'kakhonde kamdima, pakati pa chipinda ndi balaza. Panja anthu anali kuimba. Ndinkawadziwa ambiri a iwo, anthu abwino, achifundo, ndipo theka lawo ali ndi njerwa zongodikira malo. Akanangomva kuti thengo lija si manda, pofika Loweruka maziko akanakhala atakumbidwa. Koma kukangogona munthu mmodzi, a ku likulu sakanamangapo, ndipo palibe kholo likanatumizako mwana.

"Mayi a ana, nditani?"

M'banja lathu lonse, aka kanali koyamba kundifunsa za lero. Sukulu imeneyo ndinkaifuna ine kuposa wina aliyense. Koma kuwerengera ndimakudziwa, ndi ntchito yanga.

"Malo apita kale, bambo," ndinatero. "Chatsala n'kusankha amene awatenge."

Amuna anga anapita kuseri kukauza alamu kuti okumba ayambe.

Tinaika maliro Lachinayi. Wolemba zikwangwani wa ku khonsolo anali atalawirira kukafufuta tizilembo tija ndi penti woyera. Kunabwera anthu ambiri, ena chifukwa cha malemuwo, ena kudzangoona mandawo. Wapampando wa khonsolo anabweranso, ndipo atapatsidwa mpata woyankhula anapepesa banja, kenako anayamikira ofesi ya mapulani. Anati manda awa ndi chinthu choyamba mu pulani ya zaka makumi atatu kutheka m'nthawi yake, ndipo maofesi ena atengerepo chitsanzo. Anthu anavomereza chapansipansi. Bwana wamkulu uja anali pambali pake, akuyang'ana mbalame.

Anthu atayamba kubalalika, amuna anga anatsalira pa mtumbira. Ndinaima nawo. Thengo lonse linali phee, udzu ukugwedezeka mpaka uko kumene mabasi amaimira. Ndinaona kuti akuyeza ndi maso. Mwina ankaganiza kuti manda amodzi a pangodya angathe kutchingidwa ndi mpanda, kwinako n'kutsala.

Pomwepo panafika mayi wina wovala zakuda, wogulitsa makala pa siteji, atatsagana ndi mchimwene wake. Anagwada chapatali.

"Pepani ndi maliro, bambo. Ife tabwera kudzathokoza kuti mwatsegula. Amuna anga ali ku chipatala, m'nyumba yachisoni, kuyambira sabata yatha. Timasowa kolowera. Mukatilola, mawa ndife."

Kumbuyo kwawo, cha ku msewu, kunali bambo wina atavula chipewa, akudikira kuti mayiwo amalize.

Amuna anga anawayang'ana onsewo. Kenako anati, "Pepani nanunso, mayi. Dzukani." Anaitana okumba aja, amene anali atayamba kale kumanga makasu awo pa njinga. Anathyola kamtengo, n'kuyamba kulemba mzere pansi kuchokera pa manda a bambo awo.

"Apa musiye njira, yoti galimoto izidutsa. Mizere iziyang'ana uku, kuti madzi a mvula azitsikira kumusi. Pakati pa manda ndi manda pazitha kuima munthu. Mitengo musadule. Anthu adzachuluka."

Mkulu wa okumbawo anayang'ana mzerewo, anafunsa ngati ayambire mbali iyi ya kamtengo kapena inayo, ndipo atauzidwa anazika khasu ndendende pamene anamulozera. Anzake anatsatira, osakhotetsa ngakhale pang'ono. Amuna anga anaima n'kumaonerera, kamtengo kali m'manja. Chiyambire maliro ndinali ndisanalire kwenikweni. Ndinalira pamenepo.