Zala za Enos Pilbeam

Enos Pilbeam ananyonyomala kuseri kwa timitengo ta masewero a kiriketi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akuwakha mpira wolimba ngati mwala ndi manja okhaokha. Anayamba ali ndi zala khumi zowongoka. Tsopano chowongoka chinali chitatsala chimodzi, ndipo ntchito yake yosoka zishalo za akavalo inkamukanika. Singano inkangomupulumuka.

Loweruka lina m'mawa mkazi wake, Keziah, ankamumanga zingwe za nsapato.

"Bambo a Ruth, mukupitanso? Mukakagwa kumeneko ine sindidzakunyamulani ayi."

"Ndi lero lokha."

"Chaka chathanso linali lero lokha. Taonani manjawa, ngati mizu ya mtengo!"

Enos anatenga buledi ndi tchizi, n'kuyenda mamailosi asanu mpaka ku Benhurst, kumene kunali masewerowo.

Mkulu wa timu yawo, Bambo Hadlow, mwini minda yonse ya m'mudzi mwawo, anamulandira atanyamula magolovesi achikopa ochokera ku London.

"Vala awa, Pilbeam. Akuti ndi amene afika."

Anzake anafa nalo phwete. "Madala akupita kutchalitchi! Apatseninso chipewa cha maluwa!"

Enos anawaponya pa udzu. "Zikomo bwana, koma ine mpira ndimaumva ndi khungu."

Kale mpira unkabwera mwaulemu, woponya akuchita kuutsitsira pansi. Koma Silas, wosula zitsulo amene ankaponyera timu yawo masiku amenewo, ankazunguza mkono wonse ngati akupha galu wachiwewe. Mpira wachinayi unanjanja pa chibuma, womenya anauphonya, ndipo unafikira pa chala chowongoka chija. Chinalira kuti thyo!

"Pepani madala!" anakuwa Silas. "Ndichepetseko?"

"Ponya, iwe. Ndani wakuuza kuti ndalira?"

Anamanga chalacho ndi kansanza, n'kuima kanthawi akuyang'ana magolovesi aja. Kenako anawatola, n'kuvala. Palibe anaseka.

Dzuwa linaswa mtengo, n'kupendeka, iye akungonyonyomala ndi kudzuka, kunyonyomala ndi kudzuka. Mawondo ankachita kumveka. Womenya womaliza wa ku Benhurst anatuluka pamzere pofuna kumenya mpira mwamphamvu, n'kuuphonya. Enos anauwakha, n'kugwetsa timitengo munthuyo asanabwerere pamzerepo, motero anamuchotsa. Timu ya Enos inapambana. Anthu anaponya zipewa m'mwamba, ena anathamangira kumowa, koma iye anangokhala pansi pomwepo. Mumtima munalibe chilichonse, kupatula kulakalaka mpando.

Bambo Hadlow anamubweretsera chikho cha mowa.

"Bwana," anatero Enos, "ine ndatha. Mupeze wina."

"Wina ndani? Amene angaime kumbuyo kwa Silas alipo? Onsewa amakonda mano awo. Loweruka likubwerali tili ndi a ku Oxmead, ukudziwa mmene amatinyozera."

"Chala chathyoka, bwana."

"Zinazo sizinathyoke? Suja unkasewerabe?"

Enos anamwa mowa uja pang'onopang'ono, atagwira chikho ndi zikhatho zonse ziwiri.

"La Oxmead lokhalo," anatero.

Pobwerera anayenda mailosi imodzi, n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu kuti apumeko. Atafuna kudzuka miyendo inakana. Anakhala pomwepo mpaka panadutsa ngolo ya udzu. Mwini ngoloyo anamukweza ngati thumba, n'kumufunsa amene wapambana.

"Ife," anatero Enos, n'kugona chagada pa udzupo.