Madzi pa Mtedza wa ku Mavwere

Mu Julaye 2004, kampani ina yogula mbewu ya ku Lilongwe inakana mtedza wonse wa kalabu ya alimi ku Mavwere. M'matumba ena munapezeka chuku.

Consolata, membala wa kalabuyo, ankadziwa kumene chukucho chinachokera. Amuna ake, a Pius, ankawaza madzi pa mtedza asanauswe, kuti makoko afewe komanso kuti ulemereko pa sikelo. Ambiri m'mudzimo ankatero. A Pius ankati mavenda amaba pa sikelo, ndiye madziwo n'kungobwezera. Koma tsopano ogula anatsala mavenda omwewo, ndipo sukulu ya mwana wawo Alinafe inkadalira mtedzawo.

Mlangizi wa zaulimi, mayi Ivy, anabwera pa njinga kudzakumana ndi kalabu. Sanafunse kuti anawaza madzi ndani. Anayamba ndi nkhani ya malemu Pulofesa Stefano Kalinde, amene anawaphunzitsa za chuma ku yunivesite. A Kalinde anakulira pafupi ndi mishoni ya Guilleme, ndipo anamwalira mu 1998. Pa tchuthi ankakhala pa msika wa pa Boma, kuonerera mmene mtedza ukugulidwira.

Zimene anapeza ndi izi. Wogula akalephera kusiyanitsa mtedza wouma ndi wonyowetsa, amagula wonse pa mtengo wa wonyowetsa. Mlimi wosamala akaona kuti sakupindula kanthu, nayenso amayamba kuwaza madzi. Mtengo umatsikirabe, ndipo pamapeto pake wogula wabwino amachoka.

“Nanga a Pulofesa anuwo anaswapo mtedza wouma ndi zala?” anafunsa a Pius. Anthu anaseka.

“Anaswapo, bambo, mpaka matuza,” anayankha mayi Ivy. “N'chifukwa chake sankanena kuti alimi ndi akuba. Ankati wogula apatsidwe njira yodziwira chimene akugula.”

Mlangiziyo analangiza kuti chaka chotsatira aliyense adzabweretse mtedza wosaswa, wouma bwino, woti ukaugwedeza uzilira m'makoko. Adzaswe pamodzi, pamaso pa anzawo, ndipo wogula akhale ndi ufulu wodzaona tsiku lililonse limene afuna.

Pobwerera kunyumba a Pius ankang'ung'udza kuti matumba adzapepuka. Consolata anawasiya mpaka anamaliza.

“Bambo a Alinafe,” anatero, “matumba athu olemera aja ali kuti? Si awo ali pakhonde, akuola?”

Mu Meyi 2005 a Pius anayanika mtedza wawo mpaka unauma, ndipo anali m'gulu la oyamba kufika nawo pa kalabu. Kuswa kunatenga nthawi yaitali, zala zinatupa. Mu Ogasiti kampani ija inatumiza munthu wake. Anapima mtedzawo, sanapezemo chuku, ndipo anagula wonse pa mtengo woposa wa mavenda. Alinafe, amene anali atasiya chifukwa chosowa fizi, anabwerera kusukulu.

Phunziro lake ndi ili: musawaze madzi pa mtedza. Madzi amabweretsa chuku, chimene chimawononga thanzi la odya, ndipo mlimi mmodzi akabisa choipa m'thumba, amatsitsa mtengo wa mudzi wonse. Gulitsani mtedza wouma, ndipo wogula muzimulola kuona.

Za chaka cha 2006 kampaniyo sinalonjeze kanthu. Inati idzapimanso. M'midzi iwiri yoyandikana nayo, anthu anali akuwazabe madzi.