Nena Yewo

Eness atafika pasukulu ya mkaka ku Chiputula kudzatenga mwana wake Wezi, aphunzitsi sanamutulutse mwanayo monga amachitira masiku onse. Mayi Chirwa anaima pakhomo atagwira chitseko.

"Amake Wezi, talowani pang'ono."

Kunja kunkagwa mvula yamawawa. Amon, mwamuna wake wa Eness, anatsala pamsewu atakhala panjinga yamoto, injini osazimitsa. Eness anamuyang'ana kaye, kenako analowa.

Aphunzitsi anamukokera mpando n'kuutembenuza kuti makolo ena odzatenga ana asamuone nkhope. Eness anachiona chimenecho ndipo anathokoza mumtima, ngakhale sanadziwe chimene chikubwera.

"Wezi ndi mwana wofatsa," anatero Mayi Chirwa motsitsa mawu. "Koma lero wamupotokola dzanja mnzake Temwani, ndipo si koyamba. Samumenya, sakalipanso. Amangomugwira pamkono n'kumapotokola pang'onopang'ono, akumuuza kuti, 'Nena yewo.' Mnzakeyo akapanda kuthokoza, samusiya."

Eness anakokera pansi mkono wa juzi yake mpaka unabisa chikhatho.

"Mwana wa zaka zinayi sapeka zotere, amama. Amatengera zimene waona kwa munthu amene amamuyang'anira. Makamaka akaona kuti wochitayo palibe chimamuchitikira."

"Mwina waonera pa kanema," anatero Eness.

"Mwina," anayankha aphunzitsi, osamutsutsa.

Hutala inalira pamsewu, kenako injini inazima. Eness anamva nsapato zikuponda matope, zikubwera. "Ambuye, ndigwireni," anatero chamumtima.

Amon analowa akuvula chipewa chake cha panjinga, akumwetulira monga amachitira pakhomo la tchalitchi.

"Monire, amama. Kodi akazi anganso mwawalemba sukulu ya mkaka?"

Mayi Chirwa anamwetulira pang'ono, n'kubwereza nkhani ija osawonjezera kanthu.

"Ana a masiku ano," anatero Amon akupukusa mutu. "Wezi, bwera kuno."

Wezi anachoka pamphasa pamene ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo. Bambo ake ananjuta n'kumugwira pamkono.

"Ukundichititsa manyazi pa anthu, iwe? Pepesa kwa aphunzitsi."

Eness anaona chala chachikulu cha Amon chikukanikiza kamkono ka mwanayo pamalo omwewo pamene chimakanikiza iyeyo. Anadikira kuti Wezi alire, koma sanalire. Anapinda mawondo pang'ono, anazolika, n'kulankhula ndi mawu osalala, achikulu.

"Yewo, adada. Yewo chomene. Mwandiwongola."

Anali mawu a Eness. Ndi amene ankanena kukhitchini kuti dzanja lake limasulidwe, ndipo nthawi zonse ankawanena motsitsa poganiza kuti mwana sakumva. Wezi anatengera ngakhale kapumidwe kake. Eness anazindikira kuti mwana wake waphunzira mbali zonse ziwiri: pa Temwani amakhala bambo ake, pa bambo ake amakhala mayi ake.

Amon anasiya mkono uja n'kuimirira. Mayi Chirwa anangosendera n'kuika dzanja paphewa la Wezi.

"Tiyeni kunyumba," anatero Amon mofatsa kwambiri.

Kufatsa kumeneko Eness ankakudziwa, ankadziwanso chimene chimatsatira akafika. Atatembenuka anapeza Wezi akumuyang'ana pakamwa, osaphethira, kudikira kuti aone chimene mayi amachita zikafika apa.

"Tsogolani, abambo a Wezi. Ife sitikwera."

"Mwati chiyani?"

"Sitikwera. Tikupita kwa achemwali ku Salisbury Lines."

"Eness, musandiyambe pano."

Amon anasendera n'kutambasula dzanja. Eness sanabwerere m'mbuyo, ndipo mkono wake sanaupereke. Pakhomo panali pataima azimayi odzatenga ana, atasiya kucheza. Amon anawayang'ana, dzanja lija n'kubwerera m'thumba.

"Tikambirana," anatero, n'kutuluka.

Njinga inalira, phokoso lake n'kumachepa mpaka linatha. Eness anafuna kunyamula chikwama cha Wezi koma aphunzitsi anafulumira kuchitola, anamuveka mwanayo juzi, n'kutenga ambulera kuseri kwa chitseko.

"Ndikuperekezani," anatero. "Njira yathu ndi imodzi."

Eness ankadziwa kuti Mayi Chirwa amakhala ku Katoto, kumene njira yake ndi ina ndithu. Komabe anangomugwira Wezi dzanja mosamala, n'kutuluka onse atatu mu mvula ija.